Musamangojambula Chiboliboli, Funsaninso Dzina Lake

(Kanyimbo kotsegulira pulogalamu)

 

Ndiyambe ndi pempho. Ngati foni yanu ili pafupi, tsegulani mosungira zithunzi, mubwerere ku ulendo womaliza umene munayenda kumzinda wachilendo. Kaya kunali ku Lusaka, ku Harare, ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja, ndikhulupirira kuti mupezamo chithunzi chotere: inu mwaima mukumwetulira, kumbuyo kwanu kuli munthu wamkuwa kapena wamwala ataima pansanja. Tsono ndikufunseni. Munthu ameneyo ndani? Anamuimika pamenepo ndani? Chaka chanji? Nanga anachita chiyani kuti mpaka amuumbire chiboliboli?

Ambirife timabwerako ndi chithunzi, dzina n'kulisiya komweko. Lero ndikufuna ndikutengeni ku London, ku England, tikayende limodzi ulendo wapansi wa tsiku limodzi, kuti muone chimene munthu amataya akasiya dzina, ndi chimene amapeza akalifunafuna.

Ndinafika mumzindawu m'chaka cha 2023, nyengo yozizira. Mbale wanga amene ndinafikira kwawo amagwira ntchito usiku, choncho m'mawa mwake anangondipatsa khadi lokwerera sitima yapansi panthaka, nati, "Achimwene, mukatsikire pa Charing Cross. Zotsalazo miyendo ikakuuzani." Ndinatuluka pansi paja ndilibe wondiperekeza, ndili ndi foni yokha ndi kabuku kolembamo.

Chiboliboli choyamba kukumana nacho chinali cha munthu wokwera hatchi, chitaima pakachilumba pakati pa msewu, mabasi ofiira akuchizungulira. Mkuwa wake unali utada ndi ukalamba. Ndinajambula, n'kufuna kupitirira. Koma mtima unandiletsa. Ndinati, akulu anati safunsa anadya phula. Ndingachoke bwanji pano osadziwa amene ndamujambula?

Nditafufuza ndinapeza kuti munthuyo ndi Mfumu Charles I. Anaumba chibolibolichi ndi mmisiri wa ku France, Hubert Le Sueur, ndipo chaka chimene anachipangira, 1633, chinalembedwa pachiboda chimodzi chakutsogolo cha hatchiyo. Mfumuyi inamenyana ndi nyumba yamalamulo ya dziko lake, inagonja, ndipo inadulidwa mutu m'chaka cha 1649. Opambanawo anagulitsa chibolibolicho kwa wosula mkuwa wina dzina lake John Rivet, namulamula kuti achiphwanye. Iye anachibisa. Ufumu utabwerera anachitulutsa, ndipo m'chaka cha 1675 chinaimikidwa pamene chili lero, chitayang'ana mumsewu wa Whitehall, kumene mwini wake anaphedwera. Pamalo omwewo ndi pamene Angelezi amayambira kuyeza mtunda wochokera ku London kupita kumizinda ina. Zikwangwani zapamsewu zikamati London yatsala mtunda wakutiwakuti, zimanena pamene paima hatchi imeneyi.

Taonani, omvera. Ndikanangopitirira, ndikanabwera ndi chithunzi cha mzungu pahatchi. Chifukwa choti ndinaima, ndinabwera ndi nkhondo yapachiweniweni, mfumu yodulidwa mutu, wosula wobisa katundu, ndi mchombo wa mzinda wonse.

Pamenepo ndinadziikira lamulo, ndipo ndikulipereka kwa inu. Chiboliboli chilichonse chimafuna zithunzi zinayi. Choyamba, chonse chathunthu, kuyambira pansi pa nsanja mpaka kumutu, pamodzi ndi nyumba kapena mitengo imene yachizungulira. Chachiwiri, mawu olembedwa pamwala kapena pachikwangwani, mutayandikira mpaka zilembo ziziwerengeka. Chachitatu, zungulirani kumbuyo ndi m'mbali, muyang'ane m'munsi mwa mkuwawo, chifukwa mmisiri amakonda kubisa dzina lake kumeneko, pafupi ndi phazi kapena m'mphepete, ndipo nthawi zina mumapezanso chidindo cha kampani imene inasungunula mkuwa n'kuuthira m'chikombole. Chachinayi, dzina la msewu. Chithunzi chachinayichi n'chosakongola, simudzachionetsa munthu, koma ndi chimene chidzakupulumutseni pakatha miyezi itatu mutaiwala kumene munali.

Kuchoka pahatchi paja, mukangotembenuka, muli m'bwalo lotchuka la Trafalgar Square. Pakati pake pali chipilala chachitali mamita pafupifupi 52, ndipo pamwamba pake paima Horatio Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi amene anagonjetsa zombo za France ndi Spain pa 21 October 1805, nafera pankhondo yomweyo. Chibolibolicho anachikweza pamenepo m'chaka cha 1843. Pansi pake pagona mikango inayi yamkuwa, ntchito ya Edwin Landseer, imene inaikidwa mu 1867. Alendo onse amathamangira mikangoyo. Ana amakwera pamsana, makolo akujambula.

Koma amene amakweza maso pang'ono kuona zimene zili patsinde la chipilalacho ndi ochepa. Mbali zonse zinayi kuli zithunzi zoumbidwa pamkuwa, ndipo mkuwa wake unachokera ku mizinga imene Angelezi analanda kwa Afalansa. Chithunzi choyang'ana ku Whitehall, chimene anaumba John Edward Carew, chikuonetsa Nelson atalasidwa, anzake atamunyamula. Ndinachijambula ndili patali, kenako n'kuchikulitsa ndi zala pafoni. Chakumanzere kwake ndinaona nkhope imene sindinaiyembekezere: munthu wakuda, wamalinyero, atagwira mfuti, maso ali m'mwamba ngati akufunafuna amene waombera mtsogoleri wawo. Mabuku a mayina a anthu a m'zombo zimenezo amaonetsa kuti pankhondo ija panalidi amuna obadwira ku Africa ndi kuzilumba za Caribbean. Mmisiri sanawaiwale. Munthuyo wakhala pamenepo zaka zoposa 170, khamu likudutsa pansi pake tsiku ndi tsiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamera ya foni ili ndi mphatso imeneyi: imakubweretsera pafupi chimene diso silifikira. Koma imatero pokhapokha mwini wake ataima.

M'ngodya zinayi za bwaloli muli nsanja zinayi zamwala. Pa imodzi pali Mfumu George IV pahatchi. Pa ziwiri paima akuluakulu a asilikali, Charles James Napier ndi Henry Havelock. Mayina awo analembedwa poonekera, sindinavutike kuwawerenga. Koma dzina palokha ndi khomo chabe, nyumba ili m'kati. Napier ndi amene analanda dera la Sindh, limene lero lili m'dziko la Pakistan, m'chaka cha 1843. Havelock anatsogolera asilikali opondereza Amwenye amene anaukira ulamuliro wa Angelezi mu 1857. Kwa amene anawaimika, awa anali ngwazi. Kwa zidzukulu za amene anagonjetsedwa, nkhani yake ndi ina. Ndipo m'chaka cha 2000, meya wa London panthawiyo, Ken Livingstone, ananena poyera kuti sakuwadziwa anthu awiriwa, ndipo anafuna kuti achotsedwe. Apa ndinaphunzira kuti funso loti "uyu ndani?" lili ndi mnzake woyenda naye: "anamuimika ndani, ndipo ankafuna kuti odutsa aganize chiyani?" Chiboliboli sichimera ngati bowa. Pamakhala anthu amene anasonkha ndalama, anasankha malo, anasankhanso mawu oti alembedwe ndi oti asalembedwe.

Tipume kaye pang'ono. Tikabweranso ndikuuzani za nsanja yachinayi, pamene ndinaima osafuna chikwangwani.

(Kanyimbo)

Takulandiraninso, omvera. Tili ku London, m'bwalo la Trafalgar Square, tikuphunzira kufunsa ziboliboli mayina ake.

Nsanja yachinayi ili pangodya ya kumpoto chakumadzulo, kutsogolo kwa nyumba yosungiramo zithunzi ya National Gallery. Inamangidwa m'chaka cha 1841 kuti paikidwe Mfumu William IV pahatchi, koma ndalama zinaperewera, ndipo inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Kuyambira mu 1999 anayamba kuikapo ntchito za amisiri amakono mosinthanasinthana. Paimapo tambala wamkulu wabuluu wa Katharina Fritsch. Paimapo chombo cha Nelson chili m'botolo, ntchito ya Yinka Shonibare, amene makolo ake ndi a ku Nigeria. Mu 2009 Antony Gormley anaikapo anthu amoyo, mmodzimmodzi, aliyense ola limodzi, usana ndi usiku kwa masiku 100.

Tsiku limene ine ndinafika, pansanjapo panali amuna awiri. Wina wamsinkhu wa munthu wamba. Winayo wamtali pafupifupi kuwirikiza kawiri, atavala suti, chipewa chili kumutu. Ndinayang'ana nkhopeyo, thupi langa lonse linachita tsembwe. Nkhope imeneyo ndaigwira m'manja kuyambira ndili mnyamata, pandalama zathu zamapepala. Ndaiona m'mabuku a kupulayimale. Timaikumbukira pa 15 January chaka chilichonse. Anali M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, ataima pakati pa likulu la ufumu umene unamupha.

Chibolibolichi dzina lake ndi Antelope. Anachipanga ndi mwana wakwathu, Samson Kambalu, wobadwa mu 1975, amene anaphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College, ndipo amaphunzitsa zaluso pa yunivesite ya Oxford. Chinavundukulidwa pa 28 September 2022. Dzinalo m'Chingelezi limatanthauza nyama za mtundu wa mphalapala ndi mbawala, ndipo Mchewa aliyense akalimva amakumbukira kasiyamaliro wa kudambwe, pakuti Kambalu ntchito zake zambiri amazitunga m'chitsime cha Gule Wamkulu.

Wamfupiyo ndi John Chorley, mmishonale wachizungu amene anali bwenzi la Chilembwe. Ndipo nkhani yagona pachipewa. M'masiku a atsamunda ku Nyasaland, munthu wakuda akakumana ndi mzungu ankayenera kuvula chipewa. Agogo athu ankazidziwa bwino zimenezi. Chilembwe waima pambali pa mzungu, chipewa chili chikhalire. Munthu wosadziwa mbiri aona bambo wovala bwino. Wodziwa mbiri aona munthu akukana kunyozeka.

Ndili chiimire choncho, mayi wina wachikulire wa komweko, amene anali ndi zidzukulu ziwiri, anaona mmene ndinkajambulira mobwerezabwereza. Anandifunsa mwaulemu ngati ndikumudziwa munthuyo. Ndinati, "Mayi, awa ndi akwathu." Ndinawafotokozera kuti Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi mmishonale Joseph Booth, naphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Anabwerera mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission, anamanga sukulu, anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Ndinawauza za thangata, ntchito yokakamiza m'minda ya azungu, ndi nkhanza za ku Magomero. Ndinawauza kuti nkhondo yoyamba yapadziko lonse itayamba mu 1914, iye analemba kalata kunyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Aafirika akufera nkhondo imene si yawo. Ndinawauzanso za usiku wa pa 23 January 1915 pamene anthu ake anaukira, magazi anakhetsedwa, azungu ena anaphedwa kuphatikizapo William Jervis Livingstone, ndi mmene Chilembwe anaomberedwera pa 3 February chaka chomwecho, otsatira ake ambiri n'kunyongedwa, tchalitchi chake n'kugwetsedwa ndi boma. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anauza mdzukulu wawo wamkulu kuti alembe dzinalo pafoni, ndipo ndinamutchulira chilembo chimodzichimodzi.

M'mawa wonse ndinali mlendo wofunsa mayina a eni mudzi. Pansanja imeneyi eni mudzi ndi amene anafunsa mlendo. N'zoona zimene akulu amanena, kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Koma mfundo imene ndikufuna muisunge mumtima ndi iyi. Kambalu sanamulote Chilembwe ameneyu. Anamutenga pachithunzi. M'chaka cha 1914, pamwambo wotsegulira tchalitchi chija ku Mbombwe, munthu wina anaimika kamera yake n'kujambula amuna awiriwa. Chisanathe chaka china, Chilembwe anali atafa, tchalitchi chili bwinja. Chithunzi chinatsala. Ndipo sichinatsale chokha: anthu ena anasunga mayina a amene ali pamenepo, malo ake ndi chaka chake. Pakanapanda mayinawo, chikanangokhala chithunzi chakale cha munthu wakuda ndi mzungu pakhomo la tchalitchi, chonga zina zambirimbiri zimene zili m'mabokosi ku Ulaya popanda wozizindikira. Chifukwa cha mayinawo, patatha zaka 108, chithunzicho chinadzuka n'kukhala chiboliboli pamaso pa dziko lonse.

Ndipo lero mukapita ku Trafalgar Square simukamupeza Chilembwe. Nthawi yake pansanjapo inatha mu 2024, ndipo panabwera ntchito ya Teresa Margolles wa ku Mexico. Chimene chatsala kwa ife amene tinamuona pamenepo ndi zithunzi. Iye amene anajambula n'kulemba dzina, tsiku ndi malo ali ndi umboni. Iye amene anangojambula ali ndi bambo wachipewa.

(Kanyimbo)

Tsopano ndikuchenjezeni za misampha itatu imene imakola munthu wofufuza mayina a ziboliboli.

Msampha woyamba ndi dzina la pakamwa pa anthu. Kuchokera ku Trafalgar Square, kuyenda mphindi khumi, mufika pa Piccadilly Circus. Pamenepo pali mnyamata wamapiko, waima ndi mwendo umodzi, uta uli m'manja. Funsani aliyense, akuuzani kuti ndi Eros, mulungu wa Agiriki wa chikondi cha mwamuna ndi mkazi. Koma amene anachipanga, Alfred Gilbert, ankatanthauza mbale wake wa Eros, dzina lake Anteros, chizindikiro cha chikondi chosadzikonda. Chinaimikidwa mu 1893 pokumbukira Lord Shaftesbury, amene anamenyera nkhondo ana ogwiritsidwa ntchito m'migodi ndi m'mafakitale. Mzinda wonse ukhoza kutchula dzina lolakwika kwa zaka zoposa 100. Mverani zimene anthu akunena, zilembeni, chifukwa nazonso ndi mbali ya mbiri, koma kawerengeninso zimene zalembedwa pamalopo.

Msampha wachiwiri ndi nthano zokoma. Mudzamva ena akuti miyendo ya hatchi imaulula imfa ya wokwerayo: ikakweza miyendo iwiri ndiye kuti anafera kunkhondo, ikakweza umodzi ndiye kuti anavulala kunkhondo, ikaponda yonse ndiye kuti anafera pamphasa. Musakhulupirire. Hatchi ya Charles I ija yakweza mwendo umodzi, koma mwini wake anafa ndi nkhwangwa ya wopha anthu olakwa. Amisiri sanapanganepo lamulo lotero.

Msampha wachitatu uli m'thumba mwanu momwemo. Masiku ano mukhoza kuloza foni pachiboliboli, Google Lens n'kukuuzani dzina nthawi yomweyo. Ndi chida chabwino, ndipo chinandithandiza kangapo. Koma chimayerekeza maonekedwe, ndipo amuna amkuwa ovala majasi aatali amafanana kwambiri. Komanso chiboliboli chimodzi chimatha kukhala ndi mapasa m'mizinda ingapo. George Washington amene waima kutsogolo kwa National Gallery, mphatso yochokera ku Virginia mu 1921, anakoperedwa ku chiboliboli cha Jean-Antoine Houdon chimene chili ku Richmond, ndipo makope ake ali m'malo ambiri ku America. Foni ikhoza kukupatsani dzina loona koma malo ndi chaka zabodza. Yankho la foni likhale poyambira, mawu apamwala ndiwo akhale mboni.

Chinanso: muzikweza maso. Si ziboliboli zonse zimene zili pansanja. Mumsewu wa Strand muli nyumba ya kazembe wa dziko la Zimbabwe, Zimbabwe House. Pakhoma lake, m'mwamba pakati pa mawindo, pali anthu amwala 18, ena opanda mitu, ena opanda manja ndi mapazi. Poyamba ndinaganiza kuti ndi mabomba a nkhondo. Ayi. Anawasema Jacob Epstein mu 1908, nyumbayo ili ya bungwe la madokotala. Anthu ambiri anaipidwa nawo chifukwa anali amaliseche. Nyumbayo itakhala ya boma la Southern Rhodesia, mu 1937 anagumula ziwalo zonse zotulukira kunja, ponena kuti zingagwere anthu odutsa. Zilonda za chiboliboli nazonso zimayankhula. Mukaona chogumuka, chopakidwa penti kapena nsanja yopanda kanthu, jambulani. Pamenepo panachitika nkhani.

Dzina la Epstein ndinakumana nalonso madzulo ake, nditatsika ndi msewu wa Whitehall kufika pa Parliament Square, pafupi ndi nyumba yamalamulo. Uku ndiye kukoma kolemba mayina a amisiri: mumayamba kuzindikira dzanja la munthu mmodzi m'malo osiyanasiyana, mzinda n'kuyamba kulumikizika. M'bwalo limeneli muli ziboliboli 12. Chimodzi ndi cha Jan Smuts, nduna yaikulu ya South Africa m'masiku amene munthu wakuda analibe mawu m'dziko lake lomwe, ndipo anachiumba ndi Epstein yemweyo, n'kuimikidwa mu 1956. Masitepe ochepa kuchokera pamenepo paima Nelson Mandela, manja atatambasula, ntchito ya Ian Walters. Chinavundukulidwa mu August 2007, mwini wake ali pomwepo. Anthu awiri a dziko limodzi, bwalo limodzi, zaka 51 pakati pawo. Mukajambula mmodzi yekha mwatenga munthu. Mukawerenga zaka zimene aliyense anaimikidwira, mwaona mtima wa mzinda ukusintha.

Ndipo muziwerenganso amene palibe. M'bwalo limenelo munalibe mkazi ndi mmodzi yemwe mpaka mu 2018, pamene anaimikamo Millicent Fawcett, womenyera ufulu wa amayi woponya voti, ntchito ya Gillian Wearing. Mukaoloka mlatho wa Westminster, pabwalo la chipatala cha St Thomas', mupeza Mary Seacole, mayi wa ku Jamaica amene anasamalira asilikali odwala ndi ovulala pankhondo ya ku Crimea. Chiboliboli chake, chimene anaumba Martin Jennings, chinaimikidwa mu 2016, patatha zaka zoposa 130 iye atamwalira. Bungwe la Art UK litawerenga ziboliboli za mu London mu 2021, linapeza kuti za nyama zinali zambiri kuposa za amayi odziwika ndi mayina. Palibe amene akanadziwa zimenezi pakanapanda anthu oyenda m'misewu kujambula ndi kulemba chimodzichimodzi. Ambiri mwa iwo anali anthu wamba ongodzipereka, ndipo ntchito yawo yaika pa intaneti ziboliboli ndi zipilala zapanja zoposa 13,000 za m'dziko lonse la Britain, kuti aliyense azione kwaulere.

Za kajambulidwe kake, mawu ochepa akwanira. Mkuwa wakuda umavuta masana dzuwa lili paliwombo, chifukwa maso amasanduka maenje amdima; m'mawa ndi madzulo kuwala kumabwera cham'mbali n'kuonetsa makwinya onse. Tsiku la mitambo ndi bwenzi lanu. Musaime pansi penipeni pa nsanja, mungajambule mphuno ndi chibwano zokha. Bwererani m'mbuyo, muchikokere pafupi ndi kamera. Kumwamba kukawala kwambiri, dinani pankhope ya chibolibolicho pafoni kuti isade. Zilembo zofufutika zimawerengeka mukazijambula cham'mbali, mthunzi ukalowa m'mizere yake. Lolani munthu mmodzi alowe m'chithunzi kuti kukula kwake kudziwike. Pachipilala cha okumbukira akufa, pamene pali nkhata za maluwa, khalani monga mmene mumakhalira kumanda. Ndipo usiku womwewo, musanagone, lembani mayina. Mawa mudzaona zina, za lero zidzasokonezeka.

Omvera anga, ndinabwerako ku London ndi funso limene silinandisiye mpaka lero. Ngati mayi uja atabwera kwathu kuno ndi zidzukulu zake, n'kuima pachipilala cha njerwa zofiira ku Zomba, chokumbukira asilikali a King's African Rifles, n'kufunsa wodutsa kuti mayina alembedwawo ndi a yani, angapeze womuyankha? Atafika pachipilala cha ku Area 18 ku Lilongwe, pamene paima chiboliboli cha Kamuzu Banda, ndani angamuuze dzina la mmisiri amene anachiumba? Abale athu a ku Lusaka amadutsa tsiku ndi tsiku pa Freedom Statue, munthu wodula maunyolo uja. Ndi angati mwa achinyamata amene angatchule dzina la Zanco Mpundu Mutembo, amene chibolibolicho chikuimira? Mzinda wachilendo umatiphunzitsa kuima ndi kufunsa, chifukwa kumeneko sitichita manyazi kukhala osadziwa. Luso limenelo tisalisiye pabwalo la ndege. Tibwere nalo kunyumba.

Choncho pempho langa ndi ili. Sabata ino, sankhani chiboliboli kapena chipilala chimodzi chimene mumachidutsa, kaya m'tauni, pamishoni, pasukulu kapena paboma. Jambulani zithunzi zinayi zija. Funsani achikulire a pamalopo adakali moyo. Lembani dzina la woimiridwayo, dzina la mmisiri, chaka ndi malo, ndipo muuzeko mwana mmodzi. Munthu uja anajambula ku Mbombwe mu 1914 sankadziwa kuti tchalitchicho chigwa, sankadziwanso kuti chithunzi chake chidzaima ku London. Iye anangojambula, ena n'kusunga mayina. Inunso simukudziwa chimene chidzagwe, ndi chimene chidzadzuke chifukwa cha chithunzi chanu.

 

(Kanyimbo kotsekera pulogalamu)